Malungo a Laputopu

Okutobala ku Mangochi,
ngakhale mbuzi sizichoka pansi pa mlambe.
Ndinali pa tsamba lachisanu la lipoti
laputopu italira ngati njuchi m'botolo,
kenako zii.

Che Jafali wa kumsika anaikhudza kunsi
monga mayi amakhudzira mphumi ya mwana.
"Mumaigoneka pamatiresi, eti?"
Ndinayang'ana kumbali.

Anamasula timisomali, nandionetsa fani:
fumbi litapotana ngati thonje,
mphemvu itaumira pakati.
Anauzira, napukuta ndi mswachi wakale,
napaka kaphala kotuwa pamtima pake.

"Makina nawonso amapuma, achimwene.
Musamawatseke mphuno."

Lero imakhala patebulo,
pa zitsekerero zinayi za mabotolo,
kamphepo kakudutsa pansi.
Koma tsamba lija sindinalisunge.
Ndikulilembabe.