Dzanja Lachitatu

Dzanja la bambo linayamba kunjenjemera nyengo yodula nzimbe.
Poyamba linkangotaya tiyi.
Kenako Maulidi wa pabutchala anabweza mipeni itatu:
"Mdala, apa mwanola kapena mwaluma?"
Bambo anaseka naye limodzi.
Kunyumba sanadye.

Zaka makumi atatu pansi pa mtengo wa mango pa Dwangwa,
phazi pa pedulo, mwala ukuzungulira,
maso ali kumsewu, pakamwa pali nkhani,
dzanja lokha likudziwa mopendekera mpeni.
Palibe anawafunsapo kuti limadziwa bwanji.
Iwonso sakanatha kuyankha.

Ine ndinazula hinjesi pa chitseko cha kubafa.
Amayi anakalipa, ndinapachikapo chiguduli.
Kwa Gelesomu wokhoma mipando ndinatola chidutswa cha mlombwa
chimene chiswe chinalawa n'kuchileka.
Bawuti wautali wa wilibala yakufa,
manati awiri, imodzi yadzimbiri,
ndi mphira yong'amba ku chubu cha njinga.

Chogwirira choyamba chinagwedera ngati dzino la mwana.
Chachiwiri chinaluma mpeni zolimba ndithu
koma mwala unadya thabwa m'malo mwa chitsulo,
utuchi m'maso, magazi pachala.
Bambo ali pampando,
akuwerenga nkhuku zimene anaziwerenga kale.

Usiku ndinasolola mpeni wawo wakale,
uja ananola dzanja lisanawapandukire.
Ndinaugoneka pathabwa, nyali ya foni pakamwa,
n'kutsata ndi khala kupendeka kwake,
kochepa ngati chikope cha munthu wosinza.
Kutacha ndinapotokola bawuti pang'onopang'ono,
hinjesi ikuyasamula,
mpaka kukamwa kwake kunakumana ndi mzere wa khala.
Ndinamanga nati.

"Bambo, tayesani."
"Ndine wonola ine, si kalipentala."

Ndinaponda pedulo ndekha.
Mbaliwali zinathethekera pachitenje.
Sanacheuke, koma khutu linali kuno.
"Wakweza. Sukumva mwala ukudandaula?
Bweza theka."
Ndinabweza theka.
"Pang'ononso."
Kulira kwa chitsulo kunasalala
ngati mvula yowaza pamalata.
Mpando unalira kumbuyo kwanga.

Anasanjika manja onse awiri pa mlombwa.
Ndinakuona kunjenjemera kukutsika m'zala,
kukulowa m'thabwa,
kukuthera mu mphira ija,
mpeni ukuyenda mosatekeseka
kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga.
Anautembenuza. Anabwereza.
Anameta nawo ubweya wa pamkono,
n'kuuzira, osanena kanthu.
Kenako: "Nati iyi idzamasuka. Upeze ina."

Tsiku lopuma odula nzimbe amafola ndi zikwanje zawo
zokutidwa m'masaka, zonunkha utsi ndi madzi a nzimbe.
Amayi ogulitsa tchipisi amabweretsa timipeni m'ndowa.
Ine ndimaponda, iwo amayendetsa,
nkhani zabwereranso pakamwa,
maso abwereranso kumsewu.

Maulidi anabwera Lachinayi,
nazungulira kachipangizo kathu kawiri, manja kumbuyo,
nayesa mpeni pachikhadabo.
"Wapanga ndani chimenechi?"
Bambo anatsokomola, napukuta mwala ndi kansanza.
"Tinapanga."

Ine chete, phazi pa pedulo.
Chipsera cha pachala chayamba kuyera.
Kubafa mpaka lero kuli chiguduli,
ndipo mwera ukawomba
amayi amasamba akuimba mokweza
kuti wodutsa adziwe kuti muli munthu.