Galasi Lachinayi

Ku Moalboal, m'kasitolo konunkha mchere ndi mphira,
Nang Perlita akuti, "Renante, galasi sasankhira mtundu.
Liike kumaso, lamba umusiye alendewere,
ukoke mpweya ndi mphuno.
Likamamatira lokha, nganganga, ndi lako.
Likagwa, ndi la nkhope ya wina."

Atatu anandikana. Lachinayi linandigwira.

"Chotsa tsitsi m'mphepetemo,
madzi ndi mbala, amalowera pa kaulusi kamodzi.
Lavuliramo, upake ndi chala, usachite manyazi,
nthunzi imaopa malovu.
Paipiyi usaikukute ngati fupa, ingoigwira.
Ikamwa madzi usadzidzimuke,
uzira kamodzi kokha, phuu!"

Zipsepse zinandithina chala chachikulu.
Anandivula, nandipatsa zina zokutha, zofewa.

Ine wa kumapiri a Dalaguete, wolima kabichi,
ndinagona chafufumimba pamadzi,
mpweya wanga ukulira m'paipi ngati wa munthu wina.
Pansi panga masadini zikwizikwi
anatembenuka nthawi imodzi, ng'anii,
ndipo ndinaiwala zonse,
ndinatsegula pakamwa kuti ndiitane amayi.

Ndinatsamwa, mchere mpaka m'makutu.
Kumtunda Nang Perlita sanatembenuke n'komwe,
ankatsuka galasi la wotsatira.