Bokosi la Nsapato

Pa msika wa zakale ku Valparaíso
Eulogia Barrientos, namwino wopuma,
sacheukira mbale kapena mawotchi.
Afuna timakhadi todyedwa ndi njenjete,
ta chidindo chofifia: nthomba, 1923.

Wogulitsa aseka: "Zinyalalazi, mayi?"
Iye alipira osanenerera.

Usiku awerenga mayina mokweza.
Nicanor, wa miyezi isanu ndi umodzi.
Amake adasaina ndi kamtanda chabe,
inki idamwazika pomwe dzanja lidanjenjemera.
Mzere wa katemera wachiwiri
uli mbee.

Adasamukira kumigodi? Adaiwala tsiku?
Khadi silinena.

Eulogia apinda mkono wa juzi,
asisita chipsera chake chonga khobidi,
kenaka alowetsa Nicanor m'bokosi la nsapato
pakati pa ana anzake,
kuti usiku uno asagone yekha.