Chingwe cha Loweruka

Ntchito yanga inali tsache ndi chingwe.
Loweruka lililonse, dzuwa likupendeka,
bwana Crenshaw ankandiponyera mkulungo wake:
"Cleophus, manga."
Ndinkamanga kuchokera pa nsanamira ya pakhomo
mpaka patsinde pa nsanja ya oimba,
azungu uko, ife kuno,
denga limodzi, pansi pamodzi,
fungo la thukuta lokha ndilo linkadumpha malire.
Mfundo yake ndinaphunzira kwa bambo anga
m'minda ya thonje ku Mississippi.
Ngakhale nyulu yamakani sinkaimasula.

Pa piyano pankakhala mlongo wanga Ozella.
Dzanja lake lamanja linakulira m'tchalitchi.
Lamanzere linaleredwa ndi sitima ya usiku
imene inkanjenjemeretsa makapu m'kabati mwathu
ikamapita ku Chicago ndi abale osabwerako.
Abusa anamuchotsa mu kwaya,
ati Mulungu satamandidwa ndi chiuno.
Iye anangoti, "Nyimbo ndi yomwe ija, abusa,
ndangosinthamo dzina la wokondedwayo."

Zimene ankaimbazo zinalibe dzina.
Dzina linabwera mochedwa, pa wailesi,
monga amabwerera wamsonkho, zokolola zili kale m'nkhokwe.

Ogasiti, chaka cha 1955.
Kutentha koti ntchentche n'kuiwala kuuluka.
Junius anamenya ng'oma ngati ili naye ngongole,
gitala wamagetsi analira ngati chitseko cha ndende,
Ozella n'kugwetsa dzanja lamanzere lija, khu!
Ndinaona nsapato yachikasu,
ya mwana wa mwini sitolo ya mankhwala,
ikusuzumira kunsi kwa chingwe
ngati nkhuku pa mpanda wa eni.
Inabwerera. Inabweranso.
Kenako chingwe chili pansi, tasa!
ndipo panalibe woyang'ana pansi.
Mphindi zitatu, mwina zinayi,
tauni yathu inaiwala bodza lake.

Apolisi anandifunsa amene anamasula.
Ndinati sindinaone.
Sanandifunse kuti ndinamanga mfundo yanji.

Holo inatsekedwa mpaka Khirisimasi.
Nyuzipepala inati ndi phokoso la m'tchire.
Pabwalo la sukulu anaswa mbale za galamafoni ndi hamala,
ana akuombera m'manja masana,
usiku ana omwewo
wailesi kunsi kwa pilo, khutu gwa,
kusaka mawu ochokera ku Memphis.

Kunabwera munthu wa chipewa chofewa,
anapatsa Ozella madola makumi awiri ndi cholembera.
Anasaina. Lendi inali itakwana.
Mitengo ikuphukira tinaimva nyimbo ija
m'kamwa mwa mnyamata wachizungu wa tsitsi lonyezimira mafuta.
Pa mbale panalembedwa mayina atatu.
La mlongo wanga panalibe.
Anali akusita nsalu za mabedi a kuhotela.
Anaimika simbi, natchera khutu mpaka kumapeto.
"Mawu ali nawo, mwana wa eni," anatero,
"koma akuthamanga.
Wakumanzere uja sanamupeze."
Anatenganso simbi. Nsalu imodzi inapserera.

Amati madzi saiwala khwawa.
Kaya. Ine ndaona mtsinje ukumwedwa ndi dziko lonse
kasupe wake akugula madzi pa chitini.
Adzukulu anga amati rokenirolo,
amandionetsa zithunzi za anthu ovala zonyezimira.
Ndimayang'ana kumbuyo kwa woimbayo, m'mbali, mumdima,
kufuna mkazi wonenepa wa mpango wobiriwira.

Chingwe chija ndinapita nacho kwathu,
palibe anachifunsanso.
Verlene anachimanga kuseri kwa nyumba,
kuchokera pa mtengo wa pichesi mpaka pa msomali wa khonde.
Amayanikapo zochapa za mabwana
pamodzi ndi ovolosi yanga ya zigamba.
Mphepo ikachokera kumtsinje
malaya oyera a adokotala amatukula manja,
ovolosi n'kuponya mwendo,
n'kugundana, n'kukolana.
Ine ndimakhala pa sitepe, phazi likugunda lokha,
mpaka Verlene atatuluka kudzaanula.