Chilembo cha Lero

Mmawa, m'kashopu ka Tionenji ku Kapata,
fulashi yanga inali E.
Ndaizula, ndapita kukasintha ndalama,
pobwera ndaibaya pabowo lomwelo,
kompyuta yati: ndiwe G.

E yapita kwa mnyamata wa ku Chizongwe
ndi foni yake yosweka galasi.
F ndi kamemori ka zithunzi za ukwati wa eni.

Tionenji, maso ali pa kiyibodi:
"Makinawa sasungira munthu mpando, bambo.
Wayamba kufika ndiye mwini chilembo."

Ndatsegula. Kalata yofunsira ntchito ilimo,
ndi cholakwika chija pamzere wachitatu.

Nditabwerako ku Migodi
m'chipinda changa munali matumba a fetereza,
ana a mlongo wanga akunong'onezana pakhomo,
akunditcha alendo.