Buku la m'Bokosi la Tiyi

Linatuluka tsiku lomwe tinkagawana
katundu wa malemu azakhali a Dailesi ku Khonjeni.
Wina anatenga simbi ya makala, wina mbale zamalata,
ine anangondiponyera pamiyendo:
"Iwe wa sukulu, chako ndi ichi."

Chikuto chinapita ndi chiswe kalekale.
Masamba achita chikasu ngati mano a wosuta chingambwe
ndipo akununkha palafini.
Pakona pali dzina la mwana wa mzungu,
zilembo za pensulo zoyenda motsimphina.

Azakhali anali yaya ku nyumba ya bwana wa esiteti,
ija ya pamtunda, ya khonde lozungulira.
Zaka khumi ndi chimodzi akubereka mwana wa eni,
wawo akukulira m'mizere ya tiyi.
Abwana pobwerera kwawo
agalu anasiyira mlonda,
bukuli anasiyira iwo.

Ndikutsegula.
Nayi nkhumba ya jekete la mabatani agolide,
yaima ndi miyendo iwiri, yatukumula mimba.
Nayu mtsikana wa chipewa chonga lichero,
masaya opakidwa kufiira kumene tsopano kwasuluka.
Khwangwala wavala nsapato.
Mlimi wakhala pachipata, thumba lake labooka,
ndipo pansi ponse pali mbee,
zomwe ife tinkayesa ufa wotayika.

Azakhali sankadziwa kuwerenga,
koma usiku wa chiperoni, nkhungu itameza phiri,
ankanyambita chala n'kutembenuza tsamba.
"Nkhumba iyi ndi Kapitawo Mulepa,
amene ankaponda sikelo ndi chala chachikulu
poyeza madengu athu.
Mtsikanayu akupita kukapempha mchere.
Khwangwalayu nsapatozi ndi zangongole,
onani momwe akuyang'anira kumbuyo."
Tinkaseka mpaka koloboyi kuzima.

Nditakula ndinalitengera kwa a Nampinga,
mphunzitsi wopuma wa ku Luchenza.
Anavala mandala omangidwa ndi ulusi
n'kuyimba mizere iwiri ndi mawu onjenjemera.
Anati izi zinayambira pakamwa, osati papepala,
kwa olera ana, ogulitsa pamsika, oledzera m'misewu.
Ena amati pansi pake pagona mliri,
msonkho wolemera, njala, mfumu yonyozedwa mobisa.
Ena amatsutsa, ati n'zopeka za ophunzira
amene sakhulupirira kuti nyimbo ingangokhala nyimbo.
"Ine sindinaliko," anatero, natseka bukulo.

Ndinabwerera pa minibasi ndili chete.
Ndiye kuti nakonso kumene kunkachokera abwana
kunali wina wosenza dengu la mwini?
Kunali mkazi wotonthoza khanda la wolemera
ndi mawu amene akanamutsekeretsa
akanawanena masana, osayimba?

Ndayang'ananso mlimi wa pachipata uja.
Wojambulayo, kaya anali yani,
anataya nthawi pa mapazi ake:
alibe nsapato, zala zakwinyika ndi chisanu,
chidendene chang'ambika.
Munthu sajambula ming'alu yotere
asanaionepo pafupi.
Agogo anga a thangata akanamudziwa mlimiyu,
akanamusendera pa mphasa.

Dzulo mwana wanga Efelo analipeza pa shelefu.
Ndinamuwerengera Chingerezi chake bwinobwino,
liwu ndi liwu, monga anandiphunzitsira a Nampinga.
Anayasamula.
Kenaka anaika chala pa mabatani agolide aja:
"Koma iyeyu ndi ndani?"

Kunja thirakitala inkadutsa ndi masamba a madzulo.
Ndinanyambita chala.
"Ameneyu," ndinatero, "ndi Kapitawo Mulepa.
Khala bwino ndikuuze za sikelo."