Kalata kwa Achimwene Amene Anaona Nyanja M'chigoba

Achimwene Twaibu, mwalemba kuti tchuthi chino simubwera,
kuti ana munapita nawo kusitolo yaikulu ija mu Lilongwe,
anawaveka chigoba chakuda kumaso,
inu n'kulipira faifi sauzande,
ndipo Senga Bay anamuona yense ali chiimire pasimenti.

Nyanja imeneyo ndikuidziwa.
Ndinalipo tsiku lomwe ankaijambula.
Anabwera anyamata awiri ndi kamera yonga mpira pandodo,
yoona kutsogolo, kumbuyo, ndi kumwamba komwe,
manijala n'kutiuza tonse kuti, "Tachokanipo kaye."
Ine ndinali ndi beseni la nsalu za chipinda nambala seveni.
Ndinabisala kuseri kwa thanki ya madzi
mpaka thovu la sopo linauma m'manja.
Che Wisiki anakokera bwato lawo kutali,
mayi wa zitumbuwa anathawira nazo kumsewu,
ngakhale galu wa alonda anamangidwa.

Pambuyo pake anandiveka nane kuti ndione.
Ndinatembenuza mutu uku ndi uku:
mchenga wosesedwa, wopanda phazi la munthu,
madzi ali phee ngati sanamezepo aliyense.
Ndinayang'ana pansi kufuna mapazi anga,
mapazi panalibe.
Nditacheukira kuthanki kuja
ndinaona kansonga ka chitenje changa, kofiira,
kakupepeluka ndi mphepo.
Ndiye ana akafunsa ngati azakhali awo analimo,
muwauze kuti ndi kansalu kameneko.

Bwerani, achimwene.
Mukatsika minibasi pa Kamuzu Road,
mtengo wa kabaza mugwirizane musanakwere,
chifukwa pofika umakhala utabereka ana.
Anawo muwagulire masilipasi;
mchenga wa masana sudziwa mlendo,
umawotcha ngati chiwaya cha tchipisi.
Mwera ukayamba, nyanja ikachita mizeremizere yoyera,
Asiyatu asalowe m'madzi, alire motani.
Pamene pali bango musasambepo,
nkhono za likodzo zimagona pomwepo.
Buledi musasiye pakhonde:
anyani akuno amamasula jumbo
mwaluso kuposa kamwana kanu kotsirizako.
Chambo mugule m'mawa kwa Che Wisiki omwewo,
muone kuti maso ake akuwala,
ndipo pakamwa panu pasatuluke mawu oti Lilongwe.

Za ndalama za loji musade nkhawa.
Kwanga ku Mikute kuli mphasa ziwiri
ndi neti imodzi yaikulu
yomwe inabooka pakona, koma ndasoka.
Alamu atenge mafuta odzola ndi chitenje chakale,
chatsopano chija chingalire ndi dzuwa.

Chigoba chija sichinunkha usipa wa pathandala.
Sichisiya mchenga m'khutu la mwana
woti uzitulukabe ali m'kalasi sabata yamawa.
Sichingakuterereseni pamwala wa ndere
ana n'kumakusekani mpaka chaka chinacho,
monga tinkasekera abambo athu
tsiku lomwe chipewa chawo chinapita ndi mafunde
iwo akuchikalipira ngati chimamva.
Mukukumbuka?
Inu munalowa kukachitenga, munatuluka opanda kabudula.
Zimenezo kamera sinazipeze.

Ndipo mwana akachivula chigobacho
amaona denga la sitolo,
mzere wa anzake odikira,
ndi munthu wotambasula dzanja.

Ndapempha masiku anayi kwa manijala,
wandipatsa atatu, ndalandira.
Mukabwera ndidzakuonetsani thanki ija.
Tidzaima kutsogolo kwake, osati kuseri,
ine, inu, alamu, ana, ndi galu wa alonda akafuna,
Asiyatu atijambule pafoni yanu yosweka galasiyo.
Chithunzi chikapendekeka, chipendekeke,
bola mapazi onse aoneke.